Mmisiri ndi Zida Zoyendera Magetsi

Makolo athu amene adasema mitondo, mabwato ndi mipini ya makasu, pamodzi ndi osula aja amene ankakhala pa chipala kuyambira m'bandakucha, akupopa mivukuto kufikira chitsulo chitafiira, sadali anthu osadziwa ngozi ayi, pakuti nkhwangwa inkaguluka m'mpini masiku amenewonso, ndipo kasemasema adatema mapazi a anthu ambiri amene maso awo adapita kwina. Komabe zida zawo zonse zidali ndi khalidwe limodzi limene linkawasunga, ndilo lakuti mphamvu yake inkachokera m'mkono wa munthu mwini wake, kotero kuti mkono ukalema chidanso chinkalema, ndipo mtima ukadzidzimuka, dzanja nkuima, chida chinkaima pomwepo. Zida zoyendera magetsi, zimene lero kulira kwake kumamveka ponseponse m'mashedi a akalipentala ndi a owotcherera zitsulo, ku Ndirande, ku Mchesi, ndi m'misika yonse kumene mapolo a magetsi adafika, sizili choncho. Mphamvu yake imachokera kutali, ku mathithi a mtsinje wa Shire, kumene makina a pa Nkula adayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966, pambuyo pake nkuwonjezekapo a pa Tedzani ndi a pa Kapichira; ndipo mphamvu imeneyo ikangolowa m'chida, siitopa, siimva kufuula kwa munthu, ndiponso siisiyanitsa thabwa la mlombwa ndi fupa la chala.

Sindikulemba izi kuti ndiopseze munthu, pakuti zida zimenezi ndi dalitso lalikulu: chitseko chimene kale chinkadya masiku atatu lero chimatha dzuwa lisanapendeke, ndipo mabanja ambiri akudya ndi kuphunzitsa ana chifukwa cha grinder imodzi ndi makina amodzi owotcherera. Koma pali nkhani ina imene iyenera kukhazikika mumtima mwa aliyense wogwira chida chotere, ndiyo nkhani ya nthawi. Munthu wamaso, woti sadaledzere ndipo sadatope, akaona choopsa, pamapita pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi asanabweze dzanja lake. M'kanthawi komweko grinder yaing'ono, imene imazungulira ka 11,000 pa miniti imodzi, imakhala itazungulira kale kopitirira ka 40, ndipo macheka ozungulira a mano 24, oyenda ka 5,000 pa miniti, amakhala atadutsitsa mano 500 pamalo pamene pali chalapo. Palibe mmisiri, ngakhale wa zaka makumi atatu pa ntchito, amene dzanja lake lingapikisane ndi liwiro lotere. Chotero amene amati, ine ndine wozolowera, ndidzathawa ikadumpha, akudzinyenga yekha. Chitetezo chonse chimakonzedwa chala chisanakhudze swichi, monga adanenera akuluakulu kuti nkhanga zidapangana kusanapse.

Zida zimenezi si zakale kwambiri. M'chaka cha 1889, mumzinda wa Melbourne ku Australia, Arthur James Arnot ndi mnzake William Blanch Brain adalembetsa ku boma makina oboolera oyendera magetsi, amene adali aakulu, oyenera kuboola miyala ndi malasha. Mu 1895 kampani ya Fein ya ku Stuttgart, m'dziko la Germany, idapanga choboolera choti munthu anyamule m'manja. Ndipo mu 1917 Duncan Black ndi Alonzo Decker a ku Baltimore, ku America, adavomerezedwa kuti ndiwo eni ake a choboolera chokhala ndi chogwirira chonga cha mfuti yaing'ono ndi swichi yodinikiza ndi chala, imene imazima yokha chala chikachokapo. Kuyambira pamenepo opanga akhala akuwonjezera zotchinga, zogwirira zachiwiri ndi mabuleki, osati pofuna kukongoletsa malonda awo, koma chifukwa anthu ankavulala, ndipo chivulazo chilichonse chinkaphunzitsa pamene padatsala poyera. Mmisiri akamasula chotchinga nkuchiponya pa mulu wa zitsulo zotha ntchito, akutaya phunziro limene ena adalipira ndi maso ndi zala zawo.

Tiyambe ndi magetsi enieniwo, chifukwa ndiwo amapha mwakachetechete, osasiya bala lalikulu. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, koma chimene chimapha munthu ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa m'thupi lake, ndipo kuchuluka kumeneku amakuyeza ndi muyeso wotchedwa amp, umene umagawika m'timagawo 1,000 totchedwa milliamp. Milliamp imodzi munthu amangoimva kunyerenyetsa. Zikafika 10 kapena 15, minofu ya dzanja imakungika yokha, nilifumbata chida mwamphamvu, kotero kuti munthu, ngakhale afunitsitse ndi mtima wake wonse, sangathe kuchitaya. Zikapitirira 30 kupuma kumayamba kuvuta. Ndipo pakati pa 50 ndi 100, ngati njira yake yadzera pachifuwa, mtima umasokonezeka kagundidwe, nuleka kupopa magazi. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri, ndicho chifukwa chake ambiri adagwidwapo ndi nyesi nkupulumuka, nayamba kuipeputsa. Koma khungu lonyowa ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, kapena phazi lopanda nsapato loponda pa simenti yonyowa nthawi ya dzinja, likhoza kulola mamilliamp oposa 200 kudutsa m'thupi kupita pansi. Chida chomwecho chimene chidangomudzidzimutsa munthu dzulo, manja ali ouma, ndicho chidzamugwetsa lero mvula itagwa. Tsono chida chikangoyamba kugwira nyesi, ngakhale pang'ono pokha, ntchito yake ithere pomwepo kufikira wodziwa atachikonza.

Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno, yofanana ndi ya ku Britain, ili ndi nzeru zambiri mkati mwake kuposa mmene ambiri amaganizira. Nthambo yabulawuni ndiyo yobweretsa moto, yabuluu ndiyo yobwezera, ndipo yobiriwira yosakaniza ndi chikasu, imene imamangidwa ku dzino lalitali la pamwamba, ndiyo ya earth. M'nyumba zakale mudzapeza yofiira, yakuda ndi yobiriwira, m'dongosolo lomwelo. Nthambo yachitatuyi masiku onse imangokhala chete, osanyamula kanthu, ndipo chifukwa cha ichi osadziwa amaiyesa yopanda ntchito; koma tsiku limene nthambo yamoto idzasupuka mkati mwa chida nikhudza chitsulo cha kunja chimene munthu wagwira, earth ndiyo imatenga magetsiwo nkuwathamangitsira pansi, fyuzi nkupsa, munthu nkupulumuka osadziwa n'komwe kuti imfa idamudutsa pafupi. Zida zambiri zimabwera kuchokera ku Johannesburg ndi pulagi ya mano obulungira imene siilowa m'masoketi athu, ndipo m'malo mogula pulagi yoyenera, mwini amadula yakaleyo, nasenda nthambo ziwiri, nazikanikizira m'soketi ndi timitengo ta machesi, yachitatu ija ili lende pambali. Mchitidwe umenewu ndi woipa ndithu, ndipo ndikunena mosapsatira kuti shedi imene imagwira ntchito motero ikudikira maliro. Ziliponso zida zimene zimabwera ndi nthambo ziwiri zokha kuchokera kwa opanga, ndipo mudzazizindikira ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kena. Izi zidakutidwa kawiri mkati ndi kunja, kotero kuti sizifuna earth, koma chitetezo chake chimatha pamene chikuto chake chapulasitiki chasweka kapena madzi alowamo.

Fyuzi nayo anthu amaimva molakwa. Yaikulu kwambiri imene imalowa m'pulagi ndi ya ma amp 13, ndiye kuti mamilliamp 13,000, pamene tanena kale kuti 100 zokha zikhoza kuimitsa mtima. Motero fyuzi idaikidwa kuti iteteze nthambo zisapse ndi nyumba isayake, osati kuti imve pamene magetsi akudutsa m'thupi la munthu, ndipo woilowetsa m'malo ndi msomali kapena kawaya wachotsa ngakhale chitetezo chimenecho. Chimene chimateteza munthu ndi kachipangizo kotchedwa RCD, kamene amisiri a magetsi ena amakatcha earth leakage. Kameneka kamayerekeza magetsi amene akupita m'chida ndi amene akubwerako, ndipo kakaona kuti obwerera achepa ndi mamilliamp 30, kamadziwa kuti otsalawo apeza njira ina, mwina kudzera mwa munthu, nikadula moto m'kachigawo kakang'ono ka sekondi. Luso limeneli lidakulira chakuno kwathu: m'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa ku South Africa, Henri Rubin, adapanga chipangizo chotere chifukwa cha ngozi za magetsi m'migodi ya golide, m'migodi momwemo mmene abambo athu ambiri adakagwira ntchito. Alipo ma RCD oikidwa m'bokosi la magetsi la nyumba yonse, ndipo alipo ang'onoang'ono olowetsa pa soketi; onse ali ndi batani loyesera, limene liyenera kudinidwa kawirikawiri kuti mudziwe ngati akadali amoyo. Mwa zinthu zonse zimene mwini shedi angagule, sindidziwa china chimene chingapose ichi.

Za nthambo ndinene mwachidule. Nthambo yotalikitsira ikhale yonenepa molingana ndi chida, ndipo ikhale yotambasulidwa yonse, chifukwa yokulungidwa imatentha mkati kufikira kusungunuka. Yolumikizalumikiza nkumangidwa ndi majumbo ndi yoyenera kutayidwa. Chida sachinyamulira pa nthambo, pulagi saizula pokoka nthambo, ndipo pogwira ntchito nthambo idzere kumbuyo kwa munthu, kutali ndi mano a macheka. Woboola khoma akumbukire kuti nthambo zokwiriridwa m'khoma kawirikawiri zimayenda molunjika kuchokera pa soketi kapena pa swichi, chokwera, chotsika kapena chopingasa, ndipo m'mizere imeneyo saboolamo asanazimitse magetsi a nyumba yonse.

Pali ngozi ina imene mabuku olembedwa kumaiko kumene magetsi sazimazima saitchula kwambiri, koma kwa ife ndi ya tsiku ndi tsiku. Magetsi akathima ntchito ili pakati, mmisiri amaika grinder pansi kapena pa benchi, nadandaula, napita kukakhala pamthunzi, osakumbukira kuti swichi ija adaikhoma kuti iziyaka yokha. Patapita maola atatu magetsi amabwera mosalengeza, chida chija chimadzuka chokha, nichithamanga pansi pakati pa miyendo ya anthu, kapena m'manja mwa mwana amene adachitola kuti achione. Zida zina zatsopano zimakana kuyaka zokha motero, koma zambiri zimene zili m'mashedi athu sizikana. Chifukwa chake magetsi akangothima, chinthu choyamba ndicho kuzimitsa swichi ndi kuzula pulagi. Ndipo munthu asasinthe chimbale cha grinder kapena macheka podalira kuti magetsi kulibe, koma pulagi ikhale pamene maso ake akuiona, kapena batire likhale lochotsedwa. Amene athawira ku jenereta adziwe kuti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umagonetsa munthu tulo tosadzukanso, choncho malo ake ndi panja, kutali ndi mawindo; ndipo kuilumikiza ku nthambo za nyumba popanda swichi yosiyanitsa ndiko kutumiza moto ku mapolo, kumene mwina munthu wina wakwera akukhulupirira kuti nthambo zazima.

Tsopano tifike pa grinder, imene ndiima nayo kanthawi, chifukwa ndiyo ili m'shedi iliyonse, ndiyo yotsika mtengo, ndiponso ndiyo imene anthu amaichitira chibwana koposa. Chimbale chake si chitsulo ayi, koma ndi mchenga wolimba kwambiri womatidwa ndi guluu ndi kulimbitsidwa ndi ulusi wagalasi, ndipo m'mphepete mwake mumaloledwa kuyenda mamita 80 pa sekondi, ndiwo makilomita pafupifupi 290 pa ola. Chimbale chili ngati mphika wadothi, umene ukagwa pansi ukhoza kuoneka wabwino pamene mng'alu wabisala mkati, nudzaswekera pamoto. Chomwechonso chimbale chogwa, chonyowa kapena chokhalitsa chimaphulikira pa ntchito, ndipo zidutswa zake zimapita ku nkhope, kukhosi ndi kuntchafu kwa wochigwira pa liwiro limene latchulidwalo. Ambiri sadziwa kuti zimbale zimatha nthawi: pa kachitsulo ka pakati pamadindidwa mwezi ndi chaka, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene chidapangidwa, ndipo kupitirira pamenepo guluu uja sadalirikanso. Pa chimbale pamalembedwanso liwiro limene sichiyenera kupitirira: cha mamilimita 115 chimalola ka 13,300 pa miniti, koma cha mamilimita 230 chimalekeza pa 6,600. Tsono taonani chimene amachita munthu amene ali ndi grinder yaing'ono koma akufuna kudula chitsulo chachikulu: amamasula chotchinga kuti chimbale chachikulu chikwane, nachizunguza ka 11,000, ndipo mphamvu yofuna kuching'amba imakwera pafupifupi katatu kuposa imene adachipangira, panthawi yomweyo imene wachotsa chishango chokha chimene chikadaima pakati pa zidutswazo ndi nkhope yake. Zolakwa ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo zapha anthu.

Choipa choposa pamenepa ndicho kumanga macheka a mano pa grinder kuti idule matabwa, pakuti mano akangokodwa pa mfundo ya mtengo, chida chonse chimalumpha kubwerera kwa mwini wake, ndipo palibe dzanja limene lingachigwire. Chimbale chopyapyala chodulira sachigwiritsa ntchito chammbali posalaza, chifukwa sichidapangidwe kuti chipirire kukanikizidwa kotero. Ntchito imeneyo ili ndi chimbale chake chochindikala. Mukamanga chimbale chatsopano, chiyatseni kwa miniti imodzi chisanakhudze kanthu, mutachilozetsa kumene kulibe munthu, kuti ngati chili ndi chilema chionekere pamenepo. Gwirani ndi manja onse awiri, chogwirira cha pambali chili pamalo pake. Imani chammbali, osati molunjika ndi chimbale. Chitsulo chodulidwacho chikhale chopanidwa, osati chopondedwa ndi phazi la mnyamata. Ndipo musaike chida pansi chimbale chisanaime. Nthethe zake zimauluka mamita angapo, ndipo zikagwa mu utuchi zimanyeka mobisika kufikira usiku, anthu atapita. Koma za mgolo umene mudali petulo, thina kapena mafuta ena oyaka, ndikupemphani, musaudule ndi grinder ngakhale utakhala wopanda kanthu kwa miyezi yambiri, pakuti mpweya wotsalira mkatimo ndiwo umaphulika, ndipo mgolo wopanda kanthu ndi woopsa kuposa wodzaza.

Macheka ozungulira ali ndi khalidwe lomwelo lobwerera m'mbuyo. Thabwa likakhala pa zochirikiza ziwiri kumapeto, munthu nkumadula pakati, thabwalo limabwafuka nkupana macheka, ndipo macheka opanidwa amakwera m'thabwa nkudumphira kwa wodula. Choncho thabwa liikidwe mwakuti mpata uzitseguka pamene likudulidwa, chidutswa nkugwa chokha. Mano atulukire kunsi kwa thabwa pang'ono chabe, akhale akuthwa, chifukwa macheka obuntha amafuna kukankhidwa ndipo wokankha ndiye amaterereka, ndipo matabwa ogwirapo kale ntchito afufuzidwe misomali. Chotchinga cha kunsi, chimene chimabwerera chokha kudzavundikira mano, ena amachimanga ndi waya ponena kuti chimachedwetsa ntchito, kuiwala kuti macheka amapitirira kuzungulira swichi itazima, ndipo akaikidwa pansi ali poyera amayenda okha chobwerera kumene kuli mapazi. Ndi chisoni ndimaona matebulo ochekera opangidwa pamanja, a injini yomangidwa kunsi ndi macheka otulukira pamwamba, opanda chotchinga, opanda kachitsulo kopyapyala koima kumbuyo kwa macheka kamene kamaletsa thabwa kupana, swichi yake ili kutali kukhoma. Luso la owapanga ndimalilemekeza, koma ntchito yawo adaisiyira panjira. Ku America, m'chaka cha 1999, Stephen Gass adatulukira njira yoti macheka azimva khungu la munthu nkuima nthawi yomweyo, ndipo makina otere amagulitsidwa ndi dzina la SawStop. Ambiri a ife sitidzawakwanitsa, koma kamtengo kokankhira thabwa, kamene kamasiya zala kutali ndi mano, kalipentala aliyense akhoza kukasema kuchokera ku zidutswa za pansi pa benchi lake.

Drill, makina oboolera aja, imaoneka yofatsa, ndipo ngozi zake n'zochepadi, koma chilichonse chozungulira chimakoka nsalu: mkono wa malaya wolendewera, chitenje, tsitsi lalitali, ngakhale magulovesi amene munthu wavala pofuna kudziteteza, zikakodwa zimakokera dzanja momwemo. Kachidutswa ka lata kakabooledwa kali m'manja, kamagwidwa ndi choboolera nkuzungulira nacho, m'mphepete mwake nkucheka zala; choncho kayenera kupanidwa. Kiyi womangira choboolera achotsedwe chida chisanayake.

Zilipo zivulazo zina zimene sizitulutsa magazi tsiku lomwelo, ndipo chifukwa cha ichi sizimaopedwa monga ziyenera. Kachitsulo kakang'ono kakalowa m'diso kamachita dzimbiri mmenemo, ndipo magalasi adzuwa sangakaletse, chifukwa amasweka ndipo m'mbali mwake muli poyera. Ofunika ndi magalasi opangidwira ntchitoyo, ndipo pa grinder pawonjezeke chotchinga nkhope yonse. Phokoso amaliyeza ndi muyeso wa decibel: khutu limapirira 85 kwa maola asanu ndi atatu, koma pa 3 aliyense wowonjezeka nthawiyo imadulidwa pakati, kotero kuti pa 100, pamene grinder yodula chitsulo imafika kawirikawiri, nthawi yake ndi maminiti 15 okha. Kulira kwa m'makutu kumene munthu amapita nako kunyumba madzulo ndi chenjezo, ndipo kumva kukatayika motere sikubwereranso. Nalo fumbi la njerwa, simenti, matailosi ndi miyala lili ndi timchenga tosaoneka ndi maso timene timakhazikika m'mapapo nkuwaumitsa pang'onopang'ono, matenda otchedwa silicosis, amene alibe mankhwala ndiponso amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Ife sitiyenera kuuzidwa kawiri za matenda amenewa, pakuti m'midzi yathu mudabwerera amuna ochokera ku migodi ya ku South Africa, ku Wenela ndi ku Teba, onyamula mawailesi ndi mabulangete, amene adatha masiku awo akutsokomola. Ndipo mudali m'chaka cha 2019 pamene khoti la ku Johannesburg lidavomereza chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide odwala matendawa, ambiri a iwo atagona kale. Fumbi limene limatuluka pa grinder yodula matailosi m'chipinda chotseka ndi la mtundu womwewo. Kansalu komanga pamphuno sikaliletsa. Pamafunika chophimba pamphuno chosefa fumbi, chogwira bwino nkhope, ndi malo opita mphepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawu otsatirawa ndi a inu eni mashedi, amene mumalandira ana a anzanu kuti muwaphunzitse ntchito. M'chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo, womanga nyumba yatsopano adalamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga lake, kuti munthu akagwa mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo. Ndipo lamulo la dziko la Malawi la 1997, lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act, limaikanso pa olemba ntchito udindo wosamala moyo ndi umoyo wa antchito awo ndi kuwapatsa zodzitetezera. Mnyamata wobwera kumene saphunzira zimene mumanena koma zimene mumachita: akakuonani mukudula opanda magalasi, iyenso adzachita manyazi kuwavala, kuopa kuti anzake angamuyese wamantha, ndipo akapanda kudziwa kamangidwe ka chimbale sadzafunsa, ngati kufunsa m'shedi mwanu kumabweretsa chitonzo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, inde, koma ndi udindo wa wamkulu kuchotsa manyaziwo. Muimirire pambali pake masiku oyamba, mumuonetse pamene pali swichi yozimitsira shedi yonse, ndipo musamupatse chida atamwa mowa, atagona mochedwa ku maliro, kapena madzulo pamene mwini katundu waima pakhomo akufulumizitsa, pakuti nthawi zoterezo ndizo zimene dzanja limalakwa. Kholo lidakupatsani mwana wa zala khumi ndi maso awiri, ndipo likuyembekeza kumulandira ali chomwecho, luso lili pamwamba.

Ngozi ikachitika, pali zoyenera kudziwiratu, chifukwa nthawi imeneyo si yofunsana. Munthu wogwidwa ndi magetsi samugwira ndi manja, pakuti wopulumutsayo adzagwidwanso. Zimitsani swichi yaikulu kapena zulani pulagi, ndipo ngati izi sizitheka, mumusiyanitse ndi chidacho pogwiritsa ntchito thabwa louma, inu mutaponda pouma. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, musanjikize manja pakati pa chifuwa chake, ndi kukanikiza mwamphamvu, kuzama masentimita 5 kapena 6, ka 100 kufikira ka 120 pa miniti, osaleka kufikira atayamba kupuma kapena achipatala atamulandira. Ngakhale amene wadzuka nanena kuti ali bwino apite kuchipatala, chifukwa magetsi amaotcha mkati ndipo mtima ukhoza kusokonezeka pambuyo pake. Bala lotuluka magazi likanikizidwe ndi nsalu yoyera mosalekeza, osathiramo dothi, utuchi kapena mafuta a galimoto. Chidutswa cha chimbale chikalowa m'thupi kapena m'diso musachizule, ndipo diso lisatikitidwe, koma livundikiridwe mosakanikiza. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, chiikeni m'jumbo yomanga bwino, ndipo jumboyo muiike m'madzi ozizira okhala ndi ayezi, chala chisakhudzane ndi ayeziyo, ndi kupita nacho pamodzi ndi wovulalayo msanga. Kuchipatalako auzeni madokotala chida chimene chamuvulaza ndi nthawi imene zidachitika, ndipo mufunse za jekeseni wa kafumbata ngakhale bala litaoneka laling'ono.